Agogo akadali moyo tikuwafunsa chani?

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndilemba zambiri pang'ono koma nkhaniyi yandikhala pakhosi. Loweruka ndinali kumudzi ku Dedza pa mlandu wa malire a munda, ife ndi banja loyandikana nafe, mlandu woti unayamba chaka chatha mpaka anthu kusiya kupatsana moni pa mjigo. Tinakhala pabwalo kuchokera mmawa, wina akuti malire ndi chulu wina akuti ayi ndi mtengo wa mango, amfumu atatopa anangoti kawatengeni agogo aja. Agogo amenewa ndi mayi awo a mayi anga, miyendo inayamba kale kukana nde anabwera pa kabaza. Atafika sanachulutse zonena, anayenda ndi ndodo yawo mpaka pena pake poti palibe chizindikiro chilichonse nkuti kumbani apa, panali nkhadze apa anabzala atsibweni anga chaka chomwe anabwerako ku Wenela, ndipo pansi anakwirirapo mphero yosweka. Anyamata akumba osafika ndi mmawondo momwe khasu lagunda mwala, kutulutsa ndi mphero ndithu yosweka pakati. Mlandu unathera pomwepo.

Chikundiwawa nchoti agogo omwewa pakhomo anthu amangoti asiyeni akalamba, akayamba nkhani ana amadzuka mmodzimmodzi. Nde akadzatisiya, malire enawo adzaloza ndani? Anzanga amene muli ndi agogo kapena makolo okalamba, mumakhala nawo pansi nkuwafunsa zinthu?

Mbewe wa ku Joni: Achemwali mwandigunda pamtima. Ife kuno chomwe timadziwa nkutumiza ndalama basi, foni yake ndi ya mwadzuka bwanji, zafika, chabwino tionana, nkudula kuopa mayunitsi. Madala anga anagwirapo ku migodi konkuno Kamuzu asanaletse za Wenela 1974 ndege itagwa ku Francistown ija, ndipo amadziwa bwino mmene munthu umathera ku Joni ukapanda kusamala. Ndikapita pa Disembala ndikakhala nawo usiku wonse.

Wa ku Ndix: Koma abale tisanamizanepo apa, si zonse za akulu zomwe zili nzeru. Akulu omwewa ndi amene ankati mayi woyembekezera asadye mazira mwana adzabadwa wopanda tsitsi, mwana liwombo likalowa kumumata mankhwala pamutu mmalo mothamangira naye kuchipatala. Nanga kulowa kufa, kusasa fumbi, anayambitsa ndi achinyamata? Anthu angati anatenga matenda chifukwa choti akulu anati ndi mwambo. Ine ulemu ndimapereka koma zina tsobola wakale sawawa basi.

Nachisale: Achimwene palibe wanena kuti tizimeza zonse. Ine ndikunena zofunsa, ukafunsa ndi pomwe umasankha.

Anesi: A ku Ndix pa za liwombo mwanena zoona, liwombo likalowa ndekuti mwana watha madzi mthupi, kawirikawiri chifukwa chotsegula mmimba, chofunika ndi Thanzi ORS, kuyamwitsa pafupipafupi ndi kubwera naye msanga. Zimenezo sitinyengerera ngakhale anene ndi agogo a ndani. Koma ndikuuzeni zomwe ndimaona ku sikelo. Timaima kutsogolo ndi chithunzi cha magulu 6 a zakudya kuphunzitsa amayi kuti phala likhale la mgaiwa muthiremo nsinjiro, ndiwo zamasamba musataye, ndipo agogo amene abwera ndi mdzukulu amangogwedeza mutu chifukwa ndi zomwe akhala akuphika moyo wawo wonse. Nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso, luni, denje, zonsezi ana a mtauni ena sazidziwa nkomwe, mwana akukula ndi tiyi ndi sikono. Komanso pakhomo pomwe pali agogo aakazi tikawakopa iwowo kuti amvetse, nyumba yonse imasintha, tikawadumpha nkumangolankhula ndi mtsikana yekha akafika kunyumba zonse zimabwerera mwakale. Nde ngakhale pofuna kuthetsa zoipazo njira yake imadzera mwa akulu omwewo.

Mlimi wa ku Mitundu: Ndilowepo ndi za kumunda poti ndi zomwe ndimadziwa. Amayi anga mpaka lero ali ndi kachigawo ka chimanga cha makolo kuseri kwa nyumba, mbewu yake amasankha okha zikonyo zazikulu zodzadza bwino nkuzipachika mkhitchini pamwamba pa moto kuti utsi uzizifungatira, anankafumbwe safikako. Ine ndimalima haibulidi chifukwa amabereka kwambiri ukamupatsa feteleza, zimenezo sindikana. Koma pitani naye mumtondo muone mmene amaphwanyikira, mphale imachepa gaga nkuchuluka, pomwe cha makolo ncholimba chimakonoka bwino ndipo munkhokwe chimakhalitsa osafuna akiteliki wambiri.

Chomwe sindidzaiwala ndi njala ya 2002. Kwathu anthu anadya gaga, ena mpaka kukumba zitsa za nthochi nkusinja, maliro anali pafupipafupi. Pakhomo pathu chomwe chinatigwira ndi zikwatu za mfutso zomwe amayi ankamanga chaka chilichonse ife tikuwaona ngati akutaya nthawi, masamba a khobwe ndi a maungu ofutsa nkuyanika nkukulunga mmasamba a msuku, komanso makaka a chinangwa. Ndipo ndi iwo amene ankadziwa kuti kalongonda ukangomuphika kamodzi nkudya umazungulira mutu, amafuna kuwiritsa nthawi yaitali ukutaya madzi kangapo. Mabanja ena achinyamata anadwala nazo chifukwa panalibe wowauza. Iwo anaphunzira kwa amayi awo amene anaona njala ya 1949.

Wa ku Ndix: Za mfutso ndavomera. Koma nyengo yasinthatu bambo, kale ankati chizimalupsa chikagwa mu Okutobala konzekani, Novembala mwabzala, pano mvula ikumayamba Disembala nkudula pakati pa Januwale. Kalendala ya agogo ikugwiranso ntchito ngati?

Mlimi wa ku Mitundu: Masiku asintha zoona, ine za nthawi yobzala ndimamvera a zanyengo pa wailesi. Koma funsani amayi anga kuti mvula ikadula chimatsala mmunda nchani akuuzani mapira, nandolo, khobwe, mbatata, chinangwa, nchifukwa chake iwo sabzala mbewu imodzi pamzere. Alangizi pano akuti kasakaniza, akuti musadule msangu chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja nkuthira chonde chimanga chili pansi pake osachitchinga dzuwa. Munda wa agogo anga unali ndi misangu kale alangiziwo asanabadwe.

Mwana wa ku Phalombe: Ine ndingonena za napolo. Mu Malichi 1991 madzi ndi miyala zinatsika mphiri la Michesi nkukokolola midzi anthu mazana kufa, ine ndinali wamng'ono koma agogo anga aamuna anaona zonse. Kuyambira pamenepo ankatiletsa kumanga mmalo ena, ankati apa ndi panjira ya napolo, adutsa pano ndithu ngakhale patapita zaka zingati, ndipo ankatilozera miyala ikuluikulu yomwe ili pakati pa minda kutali ndi phiri nkutifunsa kuti mukuganiza inabwera ndi ndani. Ankanenanso za wa ku Zomba wa 1946. Kaya munthu ukhulupirira kuti napolo ndi njoka yochoka kuphiri kupita kunyanja kaya ayi, njirayo ankaidziwa, chifukwa madzi amabwerera momwe anadutsa kale. Anthu tachuluka malo achepa, ambiri anamanga mmakhwawa momwemo posowa kolowera, sindikuwaweruza. Namondwe wa Freddy atabwera mu 2023 ndinalira kawiri, kulira anthu athu komanso kukumbuka mawu a agogo amene anali atatisiya kale. Ku Chilobwe mmunsi mwa Soche zinalinso chimodzimodzi. Boma likamajambula mapu a malo oopsa lizikhalako pansi ndi nkhalamba za mmidzimo, amadziwa khwawa lililonse ndi dzina lake.

Nachisale: Pepani kwambiri achimwene. Mulungu akutonthozeni.

Aphunzitsi Opuma: Ana anga ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndiloleni nkhalamba ndiyankhepo poti mukunena za ife. Ndimalemba pang'onopang'ono mundipirire. Ine ndinabadwa chaka cha njala chomwe watchula mwana wa ku Mitunduyo, 1949, ndaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma.

Kukalamba sikupweteka mmawondo mokha ayi ngakhale mawondowo amapwetekadi, makamaka mu Juni. Chopweteka kwambiri nchakuti anzako amene munkakumbutsana nawo zinthu amatha, umapita kumaliro a munthu amene ankadziwa dzina lako laubwana nkubwerako ukudziwa kuti palibenso wina angakuitane choncho. Tulo timachepa, 3 koloko uli maso ukuganiza. Ndiye kukacha anthu amakulankhula mokuwa ngati sukumva pomwe makutu ali bwinobwino. Pa chinkhoswe amatikhazika kutsogolo pa mpando wabwino, fanta woyamba ndi wathu, koma nkhani zonse anamaliza kale pa foni, ife timangoitanidwa kudzadalitsa. Ulemu umenewo timauona ndipo timathokoza, koma munthu umadziwa kusiyana kwa kukulemekeza ndi kukufuna.

Mnyamata wa ku Ndirande usaope, wanena zoona. Imvi si nzeru, ndikudziwa anzanga amene anali opusa ali anyamata ndipo akalamba nazo. Chomwe tili nacho ife nchakuti zinthu zambiri taziona zikubwera kachiwiri. Ndinagwirapo mapaundi ndi mashereni, ndinaona kwacha ikubwera 1971 ili ndi mphamvu, ndaiona ikugwa kambirimbiri mpaka ulendo wa Novembala 2023 uja inatsika ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Nde ndikamuuza mdzukulu wanga kuti ndalama ukaipeza gulako mbuzi kapena malata usaisunge yonse mthumba, si kuti ndinaphunzira za chuma, ndinaona penshoni ya anzanga ikusungunuka ali nayo mmanja. Ndinavota pa riferendamu ya 1993, ndamva malonjezo a zipani zonse, nde mwana akabwera atatenthedwa mutu ndi wandale ndimangomuuza kuti usadane ndi mbale wako chifukwa cha munthu amene sadzabwera pamaliro ako. Zoterezi sitingazilembe pa bolodi, zimatuluka munthu akakhala nawe pakhonde nkhani ikuyenda yokha. Mukabwera ndi changu cha mphindi zisanu mudzangomva kuti tili bwino, kaya inu.

Mbewe wa ku Joni: Aphunzitsi zikomo kwambiri, ndawerenga kawiri.

Wa ku Ndix: Bambo ndamva. Zoti imvi si nzeru mwanena nokha, nde zinazo ndizimvera bwino tsopano.

Mai a Chisomo, Leeds: Moni nonse, ndachedwa ndinali pa shifiti. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ndipo pali mbali ina yomwe sitinaikhudze. Tonse tikuyamikira agogo amene akukumbuka malire, akudziwa za mbewu, nanga amene mutu unayamba kutaya? Kuno ndimasamala anthu a dementia tsiku ndi tsiku, munthu woti anali injiniya koma pano sadziwa mwana wake, dzuwa likamalowa amasokonekera kwambiri, usiku amadzuka kufuna kupita kwawo kwa amayi ake amene anamwalira kalekale, ena amavula zovala osadziwa. Kuno amati akudwala, amamukhomera chitseko bwino nkumuyang'anira. Nde ndikaganiza kuti gogo wotereyu kwathu akapezeka mbandakucha pakhomo pa eni ali chibadwire akulankhula zosamveka, anthu amati wagwa pa lichero, ndipo ukamufunsa kuti ndiwe mfiti amavomera chifukwa sakumvanso funso, mtima wanga umawawa kwambiri. Ngati timakonda akulu chifukwa cha nzeru zokha, tsiku lomwe nzeruzo zidzathe tidzawataya. Gogo amene sakutha kukuuza kalikonse ndi yemwe uja anakubereka kumbuyo.

Anesi: Mai a Chisomo mwanena zomwe ndimafuna anthu amve. Ndiwonjezere za chipatala pang'ono. Kuiwala kwa dementia kumabwera pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka, ndi matenda a ubongo, BP yosasamalidwa ndi sitiroko zimathandizira. Koma gogo amene dzulo anali bwinobwino lero wasokonekera mwadzidzidzi, thamangani naye, nthawi zambiri ndi malungo, chibayo, matenda a mchikhodzodzo, shuga kutsika kapena kukwera, ngakhale kuchepa madzi mthupi, ndipo akalandira thandizo amabwereramo. Maso ofiira aja anthu amaloza ndi utsi wa nkhuni wa zaka zonse akuphikira ife tomwe. Ng'ala nayo imachotsedwa, ku Nkhoma ndi ku Queens amapanga opaleshoni yake munthu nkuonanso, nde musamangoti agogo khungu ndi ukalamba. Komanso muziwayezetsa BP ngakhale sakudandaula, simapweteka mpaka itagwetsa munthu.

Najere: Tisaiwale za ku Neno mu Januwale 2016, okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana, anthu nkuti ndi iwowo. Ndipo sizinathere pomwepo, a MANEPO, bungwe loona za okalamba, amadandaula chaka ndi chaka za okalamba ophedwa ndi kuotcheredwa nyumba, kawirikawiri ochita zimenezi ndi achibale, adzukulu enieni. Mukafufuza bwino pansi pake pamakhala munda kapena nyumba yomwe wina akuifuna. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito ndipo limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, komanso 2024 aphungu anavomereza lamulo loteteza okalamba, kuyambira zaka 60 kupita mtsogolo. Malamulo alipo koma pamudzi chimapulumutsa gogo ndi munthu mmodzi wolimba mtima woimirira pakhomo gulu lisanakule nkuimbira apolisi. Mukamva mphekesera zayamba pa gogo wina musadikire, kauzeni amfumu ndi a polisi ya mmudzi tsiku lomwelo.

Wa ku Ndix: Apa nde palibe chotsutsa. Ndipo zimenezi tikupanga ndi ife achinyamata osati akulu.

Mbewe wa ku Joni: Funso lina, kodi si bwino kungowatenga kukakhala nawo mtauni? Mlongo wanga ali ku Area 25 akufuna kutenga amayi koma akukana zedi.

Nachisale: Ifenso tinayesa, anakhala mwezi umodzi nkuyamba kuonda. Mumpanda tsiku lonse, ana kusukulu ife kuntchito, palibe wodutsa woti odi. Kumudzi amadzuka nkusesa, kudyetsa nkhuku zawo, anzawo a mvano amabwera Lachinayi.

Anesi: Ngati akutha kudzisamala asiyeni komwe akudziwa, makamaka amene ayamba kuiwala malo achilendo amawasokoneza kwambiri. Chofunika pakhale munthu wodalirika wogona nawo, nyumba isadonthe, bulangete, chimbudzi chikhale pafupi chifukwa ambiri amathyoka mwendo usiku popita kuseri. Ndipo muone amene akudya ndalama zomwe mumatumizazo, agogo ambiri akulera adzukulu amasiye ndi ka Mtukula Pakhomo komweko, ndipo si onse ali mkaundula, nde amadzimana iwo kuti ana adye.

Phiri wa ku Harare: Moni abale, Chichewa changa nchosakaniza mundikhululukire. Ine ndinabadwira kuno, agogo anga aamuna anabwera wapansi kuchokera ku Nyasaland nthawi ya atsamunda, anagwira ntchito mmapulazi a fodya kenako mu Salisbury, Harare ya lero, sanabwererenso. Ankakonda kukhala panja madzulo nkumatchula maina a kwawo, ankaimba nyimbo za kumudzi, ife tili ana tinkangothamangira mpira. Anamwalira, bambo anganso anamwalira, pano ana anga akundifunsa kuti kwathu nkuti ndipo chomwe ndili nacho ndi Phiri basi. Kuno amatiti ndife a ku Malawi, ku Malawi sindidziwa khomo loti ndingagogode. Nde inu amene agogo anu alipo tsegulani foni muwajambule mawu, afunseni mudzi, mfumu, mfunda wa amayi awo, abale awo anakwatiwa kuti, manda ali kuti. Musadikire tsiku labwino.

Nachisale: A Phiri mwandilimbitsa mtima, ndikapita ndikayamba ndi maina a mbumba yonse. Koma inu palibe chomwe mukukumbukako? Ngakhale phiri kapena mtsinje.

Phiri wa ku Harare: Ankatchula Nkhoma kawirikawiri, ankati anabatizidwa ku mishoni konko, ndi mtsinje wa Linthipe. Dzina la mfumu linali ngati Mazengera ngati sindikulakwitsa.

Mlimi wa ku Mitundu: Aaa nde si kutali ndi kwathu kumeneko! Mazengera ndi mfumu yaikulu ya dera la Nkhoma ndithu, boma la Lilongwe, ndipo Linthipe ali chakomweko. Muli ndi poyambira bambo.

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga Phiri, a Phiri ku dera limenelo ndi ambiri zedi nde dzina lokhalo silikufikitsa. Kwa Achewa munthu amadziwika ndi kuchikazi, funafuna ngati alipo wamkulu wina kumeneko, azakhali kapena mnzawo wa agogo ako wa ku tchalitchi, amene angakumbuke dzina kapena mfunda wa amayi awo a agogo akowo ndi dzina lomwe ankadziwika nalo asanabatizidwe. Ku mishoni ankalemba maina a obatizidwa mmabuku pamodzi ndi midzi yawo, ukafika kafunse kwa abusa. Ukapeza mudzi usathamangire kwa anyamata a pa sitolo, pempha amfumu akutengere kwa mayi wamkulu kuposa onse pamudzipo, amenewo ndi amene amasunga maina a amuna omwe anapita ku Halale osabwerako. Upite ndi shuga ndi kansalu, ndipo ukonzeke kugona konko.

Phiri wa ku Harare: Alipo azakhali amodzi ku Mbare, mlongo wawo wa bambo, akalamba kwambiri koma mutu uli bwino. Ndipitako Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi.

Mlimi wa ku Mitundu: Mukapeza dzina la mudzi munditumizire kumbali, ndimapita ku msika wa Nkhoma kukagula mbuzi nde ndikhoza kukakufunsirani musanawononge thiransipoti.